Kusuntha malire a Oregon: yankho kwa achemwali a ku Bend

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a kwathu konkuno amene akugwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Bend, m'chigawo cha Oregon ku America. Apempha kuti ndisawatchule dzina, ndipo sindiwatchula. Funso lawo ndalidula pang'ono, koma mutu wake ndi uwu:

"Ndikamapita ku Prineville kukaona agogo ena amene ndimawasamalira, ndimaona zikwangwani m'minda ya anthu zonena kuti malire a Oregon asunthidwe. Mwana wa agogowo akuti maboma 13 anavota kale kuti achoke ku Oregon alowe ku Idaho, ndipo akuti anthu a ku Portland sawamvera. Kodi zimenezi zingathekedi? Nanga si zofanana ndi zija timamva kwathu zoti chigawo cha kumpoto chizidzilamulira chokha? Inuyo mukuona kuti akulakwitsa?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha funso lokoma. Ndiyambe ndi pamene ndaima kuti musachite kundifunafuna. Malirewo sasuntha posachedwapa, ndipo mwina sadzasuntha n'komwe. Madandaulo a mwana wa agogoyo ndi enieni, ndipo amene amawaseka anthu amenewa akulakwitsa kwambiri. Koma kulemba malire potsata chipani chimene anthu akuvotera lero sindikugwirizana nako, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Kwa amene sanafikeko, zigawo 50 za America si zofanana ndi zigawo zathu zitatu zimene zili ndi dzina chabe. Chigawo chilichonse kumeneko chili ndi bwanamkubwa wake wosankhidwa, nyumba ya malamulo yake, makhoti ake, misonkho yake. Mkati mwake muli timaboma ting'onoting'ono timene iwo amati county, ndipo Oregon ili ndi 36. Choncho kusamutsa boma limodzi kuchoka ku Oregon kupita ku Idaho ndiye kuti munthu wagona m'nyumba yake yomweyo koma wadzuka pansi pa malamulo ena a mfuti, a msonkho, a malipiro, a chipatala ndi a sukulu.

Oregon anaidula pakati ndi mapiri a Cascade, amene inu mumawaona tsiku lililonse kumadzulo kwa Bend. Mvula yochokera kunyanja ya Pacific imathera kumadzulo kwa mapiriwo, m'chigwa cha Willamette, mmene muli mizinda ya Portland, Salem (likulu la chigawochi) ndi Eugene. Anthu ambiri mwa anthu oposa 4 miliyoni a m'chigawochi amakhala kumeneko. Kum'mawa kwa mapiri n'kouma, kuli minda ya tirigu, ya anyezi ndi ya udzu wa ziweto, komanso madambo aakulu odyetserako ng'ombe. Dera limene gulu lotchedwa Greater Idaho likufuna kusamutsira ku Idaho, chigawo choyandikana ndi Oregon kum'mawa, ndi lalikulu kuposa theka la nthaka yonse ya Oregon, koma anthu ake sakwana ngakhale mmodzi mwa 10 alionse a m'chigawocho. Kumadzulo amavotera kwambiri chipani cha Democratic, kum'mawa cha Republican. Bwanamkubwa womaliza wa Republican ku Oregon anali Vic Atiyeh, amene anapambana komaliza mu 1982 n'kuchoka pampando mu 1987. Munthu wa m'matauni a kum'mawa ngati Burns kapena Lakeview amene anabadwa chaka chimenecho wakula, wakwatira, wabereka ana, osaonapo munthu amene anthu a kwawo anamuvotera atakhala pampando wa bwanamkubwa.

Pali chinthu china chimene ambiri sachitchula, koma kwa ine ndiye gwero la nkhani yonseyi. Kale zigawo zambiri za America zinkagawa mipando ya m'nyumba zawo za malamulo motsata maboma, moti boma la anthu ochepa la kumudzi linkatha kukhala ndi mawu ofanana ndi mzinda waukulu. Mu 1964 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Reynolds v. Sims, linagamula kuti mipando ya nyumba zonse za malamulo za m'zigawo izigawidwa motsata chiwerengero cha anthu. Chigamulocho chinali chachilungamo, chifukwa voti ya munthu wa m'tauni siyenera kuchepa mphamvu poyerekeza ndi ya wa kumudzi. Koma zotsatira zake n'zakuti m'chigawo chilichonse chimene chili ndi mzinda umodzi waukulu, akumudzi alibenso pogwira. Akhoza kuvota onse ngati munthu mmodzi, n'kugonjabe chaka ndi chaka. N'chifukwa chake nkhani ngati ya ku Oregon mumaimvanso ku Illinois, kumene maboma oposa 30 avota kuti akufuna kusiyana ndi Chicago, ndiponso ku Colorado, kumene mu 2013 maboma 11 anavota pa ganizo lopanga chigawo chatsopano ndipo 5 anavomera. Ku Maryland nako, mu 2021 aphungu ena a maboma atatu a kumadzulo analembera kalata West Virginia kupempha kuti iwalandire.

Nanga chimene chikuwawawa kwenikweni n'chiyani? Tengani nkhani ya mimbulu. Nyamazi anazibwezeretsa m'nkhalango za Idaho mu 1995 ndi 1996, kenako zinawoloka n'kulowa kum'mawa kwa Oregon. Munthu wa ku Portland akamva za mimbulu amasangalala kuti chilengedwe chikubwerera. Mlimi wa m'boma la Wallowa, kum'mawako, ndiye amene amadzuka m'mawa n'kupeza thole lake litang'ambidwa pamimba, kenako n'kudikira akuluakulu a boma kuti abwere adzatsimikize kuti ndi mmbuludi asanalandire chipepeso chilichonse. Tsidya linalo ku Idaho, lamulo la 2021 linamasula kwambiri kusaka ndi kupha mimbulu. Tenganinso nkhani ya mankhwala ozunguza bongo. Mu 2020 ovota a ku Oregon anavomereza kuti munthu wopezeka ndi mankhwala ochepa asamamangidwe, pamene maboma ambiri a kum'mawa anakana. Lamulolo linagwira ntchito konsekonse, mpaka nyumba ya malamulo inalibweza mu 2024 zinthu zitavuta. Mu 2022 kunabweranso lamulo lokhwimitsa kagulidwe ka mfuti, limene linapambana ndi mavoti ochepa kwambiri, pafupifupi onse ochokera m'mizinda. Mu 2019 ndi 2020 aphungu a Republican anatuluka m'nyumba ya malamulo ku Salem kuti alepheretse lamulo lochepetsa utsi woipitsa mpweya, ponena kuti likweza mtengo wa dizilo kwa alimi ndi odula mitengo amene amayenda mitunda italiitali. Ovota anayankha mu 2022 ndi lamulo loti phungu wojomba maulendo 10 popanda chilolezo asaimenso pa chisankho chotsatira. Aphunguwo atatulukanso kwa masabata asanu ndi limodzi mu 2023, khoti lalikulu la chigawocho linagamula mu 2024 kuti asaimedi. Ndiye taganizani mmene munthu wa kum'mawa akuonera. Voti yake sipambana, ndipo njira yokhayo imene aphungu ake ankaimitsira zinthu yatsekedwa.

Apa m'pamene panamera gulu limene munaona zikwangwani zake. Analiyambitsa ndi Mike McCarter, bambo wopuma pa ntchito wa ku La Pine, pafupi ndi kwanuko. Maboma a Union ndi Jefferson anavomera mu November 2020. Baker, Grant, Lake, Malheur ndi Sherman anatsatira mu May 2021, kenako Harney, Klamath, Morrow ndi Wheeler. Ku Wallowa anakana koyamba mu 2020, n'kudzavomera mu 2023 ndi kusiyana kwa mavoti osakwana 10. La 13 ndi Crook, kumene kuli Prineville, mu May 2024. Maboma a Douglas ndi Josephine, kum'mwera chakumadzulo, anakana mu May 2022, ndipo gululo linawachotsa pa mapu ake.

Mwana wa agogoyo sananame, koma pali chimene sanakuuzeni. Mavoti amenewa sanasamutse boma lililonse. M'malo ambiri funso limene linali pa pepala lovotera linali longolamula akuluakulu a bomalo kuti azikumana kangapo pa chaka n'kukambirana za kusuntha malire. Munthu akhoza kuchonga "inde" pa funso lotere pongofuna kuti a ku Salem amve kuti wakwiya, popanda kuganizira n'komwe za msonkho wa ku Idaho.

Kuti malire asunthe pakufunika makiyi atatu: nyumba ya malamulo ya Oregon, ya Idaho, ndi Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ku Washington. Malamulo aakulu a dzikolo salola kudula chigawo popanda chilolezo cha chigawocho. Ku Idaho, nyumba yaing'ono ya malamulo inavomereza mu February 2023 kuti zokambirana ziyambe, koma chinali chikalata chongosonyeza maganizo, ndipo nyumba inayo sinachipititse patsogolo. Ku Salem nkhaniyi sinafike pena paliponse. Ndipo ikanati ifike, pali mafunso a ndalama amene angatenge zaka. Ndende yaikulu kwambiri ya Oregon, ya Snake River, ili ku Ontario, m'dera limene likufuna kuchokalo, ndipo kuli zinanso ku Pendleton ndi ku Umatilla. Yunivesite ya Eastern Oregon ili ku La Grande. Kodi Idaho igula zimenezi? Ngongole ya chigawo aigawana bwanji, nanga penshoni ya aphunzitsi ndi apolisi? Ku Washington nako aphungu adzayamba awerenga kuti anthu pafupifupi 400,000 akasamuka, mpando umodzi wa ku Congress ndi voti imodzi mwa mavoti amene zigawo zimaponya posankha pulezidenti zikhoza kuchoka ku Oregon kupita ku Idaho, ndipo chipani choluza sichingavomere. Zigawo zinadulidwapo kale, inde. Kentucky inatuluka mu Virginia mu 1792, Maine mu Massachusetts mu 1820, West Virginia mu Virginia mu 1863. Koma yomalizayo inatheka chifukwa kunali nkhondo yapachiweniweni, ndipo chichokereni nthawi imeneyo palibe dera lalikulu chonchi limene lasamuka.

Inuyo panokha musade nkhawa. Mzinda wa Bend anausiya dala kunja kwa mapu awo chifukwa masiku ano umavotera Democratic. Zimenezi zokha zikukuuzani kuti mzerewo akuulemba potsata chiyani.

Tsopano ndifike pamene ndikusiyana nawo. Choyamba, ndikufuna tiyang'ane tauni ya Ontario, m'boma la Malheur, m'mphepete mwa mtsinje wa Snake umene ndiwo malire. Ngati pali malo amene ganizo la Greater Idaho likumveka bwino, ndi amenewa. Kuchoka ku Ontario kupita ku Boise, likulu la Idaho, ndi makilomita osakwana 100, pamene kupita ku Salem ndi oposa 600. Ngakhale wotchi yawo imayendera nthawi ya ku Boise, ola limodzi patsogolo pa Portland. Koma taimani pamlatho muone kumene magalimoto akulowera. A ku Idaho amawoloka kudzagula katundu ku Ontario chifukwa Oregon ilibe msonkho wa pa zogulagula, pamene kwawo amalipira 6 peresenti. Amawoloka kudzagula chamba, chimene ku Oregon n'chololedwa kuyambira pa voti ya 2014 koma ku Idaho n'choletsedwa, ndipo msonkho wa malonda amenewa umathandiza kwambiri khonsolo ya tauniyo. Amayi a ku Idaho amawoloka kudzafuna chithandizo cha uchembere chimene kwawo chinaletsedwa mu 2022, lamulo loletsa kuchotsa pakati litayamba kugwira ntchito. Ndipo ogwira ntchito amawoloka m'mawa uliwonse chifukwa cha malipiro. Ku Idaho malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi madola 7.25 pa ola. M'maboma a kumudzi a ku Oregon anali madola 13.70 kuyambira mu July 2024.

Mukhoza kudana ndi chamba, mukhoza kudana ndi kuchotsa pakati, ambiri a ife tinaleredwa choncho. Koma funso la malipiro likukhudza anthu ngati inu, achemwali. Ku Malheur pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ndi wa mtundu wolankhula Chisipanishi, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene amazula ndi kulongedza anyezi amene bomalo limatchuka naye. Ena mwa iwo si nzika, sanavote. Oregon inakhazikitsa mu 2022 lamulo loti ogwira ntchito m'minda azilipidwa ovataimu, ndipo Idaho ilibe lamulo lotere. Malire akasuntha, mwini munda wapeza boma lomumvera, koma wantchito wake wataya chitetezo chimene anali nacho popanda kufunsidwa. M'dera lomwelo mulinso mitundu ya eni nthaka, a Burns Paiute, a Klamath, a Umatilla, amene anali kumeneko Oregon ndi Idaho zisanalembedwe pa mapu, ndipo ali ndi mapangano awoawo ndi boma. Palinso anthu a ku Wallowa aja amene anagonja ndi mavoti osakwana 10. Lero mlimi wa ng'ombe akudandaula kuti ndi wochepa m'chigawo cha anthu osamumvera. Mawa, mzere ukasuntha, mphunzitsi wa ku La Grande amene amavotera Democratic ndiye adzakhale wochepa m'chigawo chosamumvera, ndipo adzakhala wochepetsetsa kuposa mmene mlimiyo alili lero, chifukwa ku Idaho chipani cha Republican chili ndi mipando yoposa magawo atatu mwa anayi a nyumba ya malamulo. Vuto lija silinathe, langosamukira pakhomo pa munthu wina.

Chachiwiri, dandaulo lalikulu la alimi a ng'ombe silili ku Salem n'komwe. Nthaka yoposa theka ya Oregon ndi ya boma lalikulu la ku Washington, ndipo ku Harney ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Amene amanena kuti ng'ombe zingati zidye pati, mitengo ingati idulidwe, ndi nthambi za boma lalikululo. Mkwiyo umenewu ndi umene unachititsa kuti mu 2016 gulu la anthu onyamula mfuti, lotsogozedwa ndi Ammon Bundy, lilande malo osungira mbalame a Malheur kwa masiku 41, munthu mmodzi n'kufa. Ku Idaho gawo la nthaka ya boma lalikulu ndi lokulirapo kuposa ku Oregon. Kusintha dzina la chigawo sikusintha mwini wa dambo.

Chachitatu ndi chimene chimandikhudza kwambiri. Chipani si mtundu wa munthu. Dera lomweli la kum'mawa kwa Oregon linatumiza ku Congress Al Ullman wa Democratic, wochokera ku Baker, kuyambira 1957 mpaka 1981. Walter Pierce, mlimi wa ku La Grande wa chipani chomwecho, anakhalapo bwanamkubwa wa Oregon m'zaka za m'ma 1920. Idaho imene akuithamangira lero inali ndi seneta wa Democratic, Frank Church, kwa zaka 24, ndipo Cecil Andrus wa Democratic anapambana ubwanamkubwa kanayi, n'kuchoka mu 1995. West Virginia inali linga la Democratic kwa zaka zambirimbiri, lero ndi ya Republican kotheratu. Zonsezi zasintha mkati mwa moyo wa agogo amene mukuwasamalirawo. Malire akalembedwa amakhala zaka 100 kapena kuposa, ndiye ukawalemba potsata zotsatira za chisankho cha chaka chino, adzukulu ako adzawapeza alibe tanthauzo. Pali ngozi inanso. Ngati a Republican onse asonkhana m'zigawo zawo ndi a Democratic m'zawo, palibenso wandale amene adzafunike kupempha voti kwa munthu wosiyana naye maganizo. Bwanamkubwa wa ku Salem lero amakakamizika, ngakhale monyinyirika, kupita ku Pendleton kukamva za madzi othirira. Kum'mawa kukachoka, alimi otsala kumadzulo kwa mapiri adzakhala ochepa kuposa kale.

Sindikunena kuti malire ndi opatulika. Pali malo amene anawasuntha ndipo zinathandiza. Ku India, Potti Sriramulu anadzimana chakudya kwa masiku oposa 50 mpaka kumwalira mu December 1952, pofuna kuti olankhula Chitelugu akhale ndi chigawo chawo chosiyana ndi Madras. Andhra inabadwa mu 1953, ndipo mu 1956 dziko lonse analigawanso motsata zilankhulo. Ambiri, kuphatikizapo nduna yaikulu ya dzikolo, Nehru, ankaopa kuti dziko liphwasuka, koma silinaphwasuke. Munthu anayamba kupita kukhoti ndi kusukulu m'chilankhulo chake. Chilankhulo n'chinthu chokhalitsa, sichisintha pa chisankho chilichonse. Komabe ngakhale kumeneko, mu June 2014 anthu olankhula Chitelugu chomwecho anagawikananso, Telangana n'kutuluka mu Andhra Pradesh, chifukwa cha madandaulo a madzi, ntchito za m'boma ndi ndalama. Nigeria inayamba ndi zigawo zitatu pa ufulu, inafika 12 mu 1967, 19 mu 1976, 36 mu 1996, ndipo mpaka lero kuli magulu ofuna zina, chifukwa chigawo chatsopano chilichonse chimabala ochepa atsopano.

Chitsanzo chimene ndimachilemekeza ndi cha ku Switzerland. Anthu a ku Jura, olankhula Chifalansa ndipo ambiri Akatolika, anawaphatikiza mu 1815 ku chigawo cha Bern cha olankhula Chijeremani. Atadandaula kwa zaka zambiri, anavota mu June 1974 kuti apatuke. Koma nkhani sinathere pa voti imodziyo. Maboma amene ambiri anakana anapatsidwa mwayi wovotanso paokha, ndipo atatu a kum'mwera, olankhula Chifalansa chomwecho koma ambiri Achipulotesitanti, anasankha kutsala ku Bern. Kenako midzi ya m'malire inafunsidwanso umodziumodzi. Dziko lonse linavomereza mu 1978, ndipo chigawo cha Jura chinayamba pa 1 January 1979. Tauni ya Moutier, imene inatsala ku Bern anthu ake ali ogawikana pakati, inavota mu 2017, votiyo inathetsedwa chifukwa cha zolakwika, inavotanso mu March 2021 pansi pa maso a boma lalikulu, ndipo pafupifupi 55 peresenti anasankha Jura. Zitatero zigawo ziwirizo zinakhala pansi zaka zingapo kukambirana za chipatala, sukulu, misonkho ndi katundu wa boma, ovota a mbali zonse n'kuvomereza panganolo mu 2024. Tauni ya anthu pafupifupi 7,000 yokha inatenga ntchito yonseyo. Aliyense ankadziwa chimene akuvotera, ndipo wokana ankapatsidwa njira. Zimene zachitika ku Oregon sizinafike ngakhale pa chiyambi cha ulendo woterewu.

Mbiri ya dera lomwelo ili ndi phunziro lake. Mu November 1941 anthu a kum'mwera kwa Oregon ndi kumpoto kwa California analengeza chigawo chawo chotchedwa Jefferson. Anyamata onyamula mfuti zosakira ankatseka msewu waukulu pafupi ndi tauni ya Yreka, n'kumapatsa oyendetsa magalimoto mapepala onena kuti dera lawolo lizidzipatula Lachinayi lililonse mpaka boma liwamve. Pa 4 December anaika woweruza milandu John Childs kukhala bwanamkubwa wawo. Patangopita masiku atatu Japan inaphulitsa Pearl Harbor ndipo nkhaniyo inazima. Chimene ankafuna sichinali mbendera. Ankafuna misewu yopita kumigodi ndi kunkhalango zawo, imene Salem ndi Sacramento, likulu la California, zinkangolonjeza.

Ndikuona kuti lero zilinso chimodzimodzi, ndipo Oregon yasonyeza kale kuti ikhoza kupanga malamulo osiyana pa madera osiyana popanda kusuntha malire. Kuyambira 2016 malipiro otsikitsitsa ali pa milingo itatu: wa ku Portland, wa pakati, ndi wa maboma a kumudzi. Kwa zaka zambiri lamulo linkaletsa munthu kudzithirira yekha mafuta pa filing'i siteshoni, koma maboma a anthu ochepa anawamasula kaye zaka zingapo chigawo chonse chisanamasulidwe mu 2023, chifukwa kuchipululu kulibe wothira mafuta usiku. Ngati zinatheka pa malipiro ndi pa mafuta, n'chifukwa chiyani zisatheke pa mimbulu, pa kagwiritsidwe ntchito ka nthaka, pa msonkho wa dizilo wa mathirakitala? Apa mlandu ndikuuika pa a ku Portland ndi Salem. Amene ali ndi mavoti ambiri ndi amene ali ndi udindo wofunsa kuti lamulo ili likafika ku Harney lidzaoneka bwanji. Akapanda kutero, asadabwe kuona zikwangwani m'minda.

Za kwathu munafunsazo, kufanana kulipo koma tisakukokere patali. A ku Oregon sakufuna dziko latsopano, ndipo ali kale ndi maboma amene amatolera misonkho yawo ndi kusankha mkulu wa apolisi wawo. Ife tilibe zimenezo. Mawu oti dziko ligawidwe m'zigawo zodzilamulira anamveka kwambiri chitatha chisankho cha 2014, makamaka kuchokera kumpoto, ndipo madandaulo ake si ongopeka: misewu, kota ya ku yunivesite imene inapweteka ana ambiri okhoza bwino, kudikira Lilongwe pa chilichonse. Mlonda wa njala sagona, ndipo munthu wa ku Chitipa amene wadikira msewu zaka makumi ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma mafunso amene ndafunsa a ku Oregon ndikuwafunsanso kuno. Mu 1994 tinavota ngati zigawo zitatu, Muluzi kum'mwera, Kamuzu pakati, Chihana kumpoto, ndipo aliyense ankati ndi mmene tilili. Mu 2009 Bingu wa Mutharika anapeza pafupifupi 66 peresenti, kumpoto komweko n'kumuvotera mwaunyinji. Nanga boma la chigawo cha kumpoto likakhala ku Mzuzu, Mngonde wa ku Karonga, Mtonga wa ku Nkhata Bay, Mlambya wa ku Chitipa ndi munthu wa pa chilumba cha Likoma adzamveka kuposa lero? M'chigawo cha kum'mwera, Msena wa ku Nsanje adzapeza chiyani ku Blantyre chimene sakuchipeza ku Lilongwe? Kasungu, kumene Achewa ndi Atumbuka akhala moyandikana kuyambira kale, mzere udzadutsa pati?

Chimene chimandipweteka n'chakuti njira yapafupi tinailemba kale koma sitinaiyende. Lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo zinakhazikitsidwa mu 1998, ndipo ndondomekoyo inati makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zimene boma latolera. Makhansala tinawasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda khansala ngakhale mmodzi mpaka May 2014. Kenya inalemba m'malamulo ake aakulu a 2010 kuti maboma ake 47 azilandira zosachepera 15 peresenti, ndipo bwanamkubwa wa ku Turkana amasankhidwa ndi anthu a ku Turkana, amene akhoza kumuchotsa akaba. Kuno DC amachita kutumizidwa kuchokera ku Capital Hill, ndipo akafuna kumusamutsa safunsa munthu wa ku Rumphi kapena wa ku Nsanje.